Nchito ya Tsiku ndi Tsiku Pofukula Linga la Aroma

Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi. Taisindikiza pano kuti mafumu ndi alimi amene sanaimve aiwerenge, ndiponso awerengereko anzao pa bwalo.

Lero sitikamba za mbeu kapena za msonkho ai. Tikamba za anthu ena amene amagwira fosholo, ndowa ndi wilibala monga inu nomwe, nawerama pa dothi kuyambira m'mawa kufikira madzulo, koma osadzala kanthu. Anthu amenewa ali ku England, ndipo nchito yao ndiyo kufukula linga lakale la asilikari a Aroma. Ndifuna kukufotokozerani m'mene tsiku lao limayendera, ndi chifukwa chache amakumba pang'onopang'ono, kotero kuti pa malo amene mlimi angathe kugaula m'mawa umodzi iwo amakhalapo milungu yambiri. Mukamva chifukwa chache mudzaona kuti nkhaniyi ikukhudzani inunso amene mumasunga nthaka.

AROMA NDI LINGA LAO

Aroma mumawadziwa kale, pakuti ndi omwe aja mumamva m'Buku Lopatulika, anthu a Kaisara, a Pilato ndi a kenturiyo. M'chaka cha 43, kuwerenga kuyambira pa kubadwa kwa Ambuye Yesu, mfumu yao Claudius, amene atchulidwanso m'buku la Machitidwe a Atumwi, anatumiza nkhondo kuoloka nyanja kukalanda chisumbu cha Britain. Asilikari anakwera kumpoto pang'onopang'ono, namanga malinga m'njira monse. Cha m'chaka cha 85 anamanga linga pa malo otchedwa Vindolanda, m'dera limene lero alitcha Northumberland, kumpoto kwa England. Pambuyo pache, m'chaka cha 122, mfumu Hadrian analamula kuti amange khoma lalikulu lodula chisumbucho pakati, kuchokera ku nyanja ya kum'mawa kufikira ku nyanja ya kumadzulo, mtunda wa mailosi 73. Linga la Vindolanda liri ngati mailo imodzi kumwera kwa khoma limeneli. Asilikari anakhalapo zaka zoposa 300, kufikira ulamuliro wa Aroma unatha ku Britain cha m'chaka cha 410.

Musaganize kuti asilikari onsewa anali ochokera ku mzinda wa Roma. Ambiri anali a mitundu imene Aroma anaigonjetsa kale: ena a mtundu wa Tungri, ochokera ku dziko limene lero ndi Belgium, ena a mtundu wa Batavi, ochokera kumene lero ndi Netherlands, enanso ochokera ku dera la France. Gulu lina likaitanidwa ku nkhondo kwina, gulu lina limadza kudzalowa m'malo mwache.

Tsono mumvetse bwino apa. Gulu likamachoka, nyumba zache zimagwetsedwa. Obwerawo amasalaza malowo, nathira dongo ndi zibuma za kapinga pamwamba pa zinyalala zonse, namanga linga latsopano pamwamba pa lakale. Izi zinachitika kawirikawiri, kotero kuti pa malo amodziwo pali malinga 9 osanjikizana. Oyamba anali a mitengo ndi zibuma, otsiriza anali a miyala. Pena wokumba amatsika mapazi 20 asanafike pa nthaka imene munthu sanaikhudzepo.

Inu alimi mumadziwa kuti mzati wa nyumba umayamba kuola pamene wakumana ndi nthaka, pomwe pali chinyezi ndi mpweya pamodzi, koma mtengo womira m'matope a padambo umakhala zaka zambiri uli wolimba. Tizirombo tosaoneka ndi maso timene timaoletsa zinthu timafuna mpweya. Dongo lija linatsekereza mpweya, ndipo malowo ndi a madzi ambiri; chiswenso kulibe kumeneko. Motero nsapato zachikopa, nsaru, zisa za mtengo zopesera tsitsi, ngakhale makalata, zakhala pansi zaka pafupifupi 2,000 osaola.

OGWIRA NCHITO NDANI?

Mphunzitsi wina wa mbiri yakale, Eric Birley, anagula nyumba pafupi ndi lingalo m'chaka cha 1929, nayamba kukumbapo m'zaka zotsatira. M'chaka cha 1970 kunakhazikitsidwa bungwe la Vindolanda Trust loyang'anira malowo, ndipo mwana wache Robin Birley anatsogolera nchitoyo zaka zambiri. Pambuyo pache mdzukulu wache, Andrew Birley, anatenga udindowo. Mibadwo itatu ya banja limodzi yakumba pa munda umodzi, koma sanafikebe ndi pakati pomwe. Iwo eni akuti afukula ngati gawo limodzi mwa magawo anai, ndi kuti nchito yotsala ingathe kutenga zaka zina 150.

Malowo ndi otetezedwa ndi lamulo. Ngakhale eni ache sangabaye fosholo pansi popanda chilolezo cha Boma la kumeneko, ndipo popempha chilolezo amayenera kunena malo eni eni amene afuna kukumba ndi funso limene afuna kuyankha. Sakumba mwachisawawa kufunafuna chuma.

Nyengo yokumba ndiyo kuyambira mwezi wa Epulo kufikira Sepitembala, pamene kumeneko kwafunda ndipo usana watalika. Akatswiri olembedwa nchito ndi owerengeka. Ambiri amene amagwira fosholo ndi anthu wamba odzipereka, mazana angapo chaka chiri chonse, amuna ndi akazi, achinyamata ndi okalamba, ena ochokera ku maiko akutali. Amadza m'magulu, gulu liri lonse milungu iwiri. Salandira malipiro, iwo ndiwo amalipira ulendo wao, chakudya chao ndi malo ogona. Tsiku loyamba amaphunzitsidwa kagwiridwe ka zida ndi malamulo a pa nchito, ndipo lamulo lalikulu ndi ili: ukaona chinthu m'dothi, usachizule.

M'MAWA

Nchito yoyamba m'mawa sindiyo kukumba, koma kuchotsa madzi. Dziko limenelo ndi la mvula kawirikawiri, ndipo maenje akuya amatuluka madzi usiku wonse monga chitsime cha padambo. Amaliza makina opopa madzi, ndipo potsala amakapa ndi ndowa. Atatero, mkulu wa nchito amayendera maenje onse kuona ngati makoma ache ali olimba, pakuti dzenje la mapazi ambiri likagumukira munthu ndi maliro. Kenaka amagawa anthu, yense pa ndime yache, monga kapitao agawira ndime pa munda.

Malo okumba amayezedwa ndi kuzunguliridwa ndi zikhomo ndi chingwe, ndipo zikhomozo zimalembedwa pa mapu. Pa malo atsopano amayamba ndi kusenda kapinga ndi dothi la pamwamba, limene makasu ndi mapulawo a alimi analisokoneza kale. Apa amagwira mwamphamvu ndi fosholo ndi piki, ndipo wilibala imayenda kosalekeza kunka ku mulu wa dothi. Munthu wongofika kumene amadabwa kuona kuti nchito yambiri ya tsiku ndiyo kukankha wilibala ndi kunyamula miyala.

Akafika pa miyala ya makoma kapena pa dothi losasokonezeka, amasiya zida zazikulu. Yense amagwada natenga kachitsulo kosongoka, konga kamene amisiri amayalira nako matope pa njerwa, koma kakang'ono ngati chikhatho. Ndi kachitsulo kameneka amapala dothi pang'onopang'ono, akubwerera chambuyo kuti asaponde pamene wapala, nawolera dothilo m'ndowa. Anthu asanu kapena khumi amagwada mu mzere umodzi, kupala pamodzi, kuti malo onse atsike mofanana. Kukumba dzenje lako lako pakati pa ndime, chifukwa waona kanthu konyezimira, ndi mlandu.

KUWERENGA DOTHI

Kodi amapaliranji chotere? Chifukwa dothi lopalidwa bwino limaonetsa maonekedwe ache. Inu mukalima pa bwinja mumadziwa pamene panali dzala, pakuti nthaka yache ndi yakuda ndipo maungu amakondwa pamenepo. Mumadziwanso pamene panali moto poona phulusa ndi dothi lofiira. Ofukula zakale amayang'ana zomwezo. Kadontho kakuda kozungulira pakati pa dongo lachikasu ndi pamene panali mzati. Timadontho totere tikandandalika mu mzere, ndiye kuti panali khoma la nyumba. Mzere wautali wa dothi lakuda ndi ngalande imene inakwiririka. Dongo losalala lolimba ndi pansi pa chipinda pamene anthu amapondapo.

Dothi la mtundu uli wonse amalipatsa nambala yache, nalilemba pa pepala lache: maonekedwe ache, kuya kwache, chimene chiri pamwamba pache ndi chimene chiri pansi pache. Lamulo lache ndi losavuta. Chimene chiri pansi ndi chakale koposa chimene chiri pamwamba. Dzenje limene laboola pansi pa chipinda linakumbidwa chipindacho chitamangidwa kale. Motero amachotsa zinthu mobwerera: chimene chinachitika potsiriza ndicho chimachotsedwa poyamba. Sasakaniza zopezeka m'dothi la nambala ina ndi zopezeka m'dothi la nambala ina, monga inu simusakaniza mbeu ya chaka chino ndi yogonera.

CHINTHU CHIKAPEZEKA

Tsono tiyerekeze kuti wina akupala, ndipo kachitsulo kache kagunda ndalama yamkuwa. Sayenera kuitola. Amaitana mkulu wa nchito. Amapala mozungulira kuti aone bwino dothi limene ndalamayo yagonamo. Amayeza malo ache ndi makina oyezera, kutalika, kupingasa ndi kuya komwe, naijambula chithunzi, naipatsa nambala. Atatha zonsezi ndi pamene amainyamula kuiika m'kathumba kolembedwa nambala yomweyo.

Wina angafunse kuti, mabvuto onsewa ngachiani pa kandalama kamodzi? Yankho lache mulimve, inu mafumu amene mumaweruza milandu. Ndalama za Aroma zinali ndi nkhope ndi dzina la mfumu imene inalamula pamene zinasulidwa. Tinene kuti ndalamayi ndi ya mfumu Trajan, amene analamula kuyambira 98 kufikira 117, ndipo yapezeka pansi pa dongo la chipinda, dongolo liri losaboola. Pamenepo tadziwa kuti chipindacho sichinazirike chaka cha 98 chisanafike, pakuti munthu sangataye ndalama imene sinasulidwe. Ndalama ija yakhala mboni yonena zaka za nyumba yonse, ndi za zinthu zonse ziri m'nyumbamo. Koma wina akaitola naiika m'thumba, nabwera nayo madzulo nati, "Ndatola uko," ndiye kuti mboniyo yaiwala kumene inaima pa tsiku la mlandu. Yasanduka kachitsulo chabe.

Ndipo kumbukirani kuti mlandu umenewu umazengedwa kamodzi kokha. Kuti aone linga lachitatu ayenera kuchotsa dothi la linga lachinai, ndipo lochotsedwalo silingabwezedwe monga linaliri. Wofukula amaononga chimene akuwerenga. Madzi akatayika saoleka. Chimene sichinalembedwe m'buku tsiku lomwelo chatayika kwa mibadwo yonse. Ichi ndicho chifukwa chache amachedwa, ndiponso chifukwa chache amasiya dala malo ena osakumba, kuti adzukulu amene adzakhala ndi nzeru ndi zida zoposa za lero adzapezeko pogwira.

M'MATOPE AKUDA A PANSI

Nchito imasintha akatsika kufika pa malinga a mitengo. Asilikari aja amayala masamba a zitsamba za kumapiri, udzu ndi mapesi pansi m'zipinda zao. Zikada, sanali kusesa ai, koma kuyala zina pamwamba. M'zoyala zimenezi munagwera zinthu zambiri, pamodzi ndi nyenyeswa za chakudya ndi ndowe za akavalo. Lero zonsezi ndi chinthu chimodzi chakuda, chonyowa, chothinana ngati manyowa a m'khola, ndipo chikatsegulidwa chimanunkha ndithu.

Pamenepa kupala ndi kachitsulo kungang'ambe zinthu zofewa. Tsono mmodzi amadula zibuma ndi fosholo yakuthwa, ena naziyala pa wilibala, nazimatula ndi zala pang'onopang'ono, monga mai amatulira chigumu. Munthu angathe kumatula zibuma tsiku lonse osapeza kanthu koma timitengo. Kuona maso a nkhono nkudekha. Koma mwa njira imeneyi apeza nsapato zoposa 5,000. M'chaka cha 2016, m'ngalande imodzi yokha anapezamo nsapato zoposa 400, za amuna, za akazi ndi za ana. Nsapato za ana zimenezi ndi umboni wakuti pa lingapo panali mabanja, si asilikari okha. M'chaka cha 2014 anapeza thabwa lokhalira m'chimbudzi, ndipo mu 2017 anapeza malupanga ndi zikopa zobvala m'manja pochita masewera a nkhonya.

Chopambana zonse chinapezeka m'mwezi wa Malichi, 1973. Robin Birley anatola timatabwa tiwiri topyapyala tomamatirana, tonga zopala za mmisiri wa matabwa. Potimatula anaona malembo a inki. Koma pamene anafika nato kwa katswiri wowerenga malembo akale, mpweya unali utatidetsa bii, malembo osaonekanso. Mwamwai, ku Newcastle anatijambula ndi kuwala kwa mtundu wina kumene maso a munthu sakuona, ndipo malembo anaonekanso pa chithunzi. Inali kalata yodziwitsa msilikari kuti amutumizira masokosi, nkhwaira ndi akabudula a m'kati. Kuyambira pamenepo apeza timatabwa totere toposa 1,000, ndipo tambiri tikusungidwa ku British Museum mu mzinda wa London. Tsono lero wokumba ali yense amauzidwa kuti kathabwa kopyapyala kali konse asakapukute ndi chala, asakasiye pa dzuwa, koma akaike m'madzi msanga ndi kuitana mkulu wa nchito.

MASANA NDI MADZULO

Pakati pa tsiku amapuma kudya kamba wao ndi kumwa tiyi. Alendo odzaona malowo amaima kuseri kwa mpanda nafunsa mafunso, ndipo okumba amasinthana kuwayankha ndi kuwaonetsa zimene zapezeka, pakuti zinthuzi si za okumba, ndi za anthu onse. Palibe wololedwa kutenga ngakhale phale limodzi kunka nalo kwao.

Si onse amene ali m'maenje. Ena amakhala m'chisakasa kutsuka mapale ndi mafupa ndi mswachi, kuziyanika, kuzisankha ndi kuziwerenga, chiri chonse ndi nambala ya dothi limene chinachokeramo. Nchitoyi ndi yotopetsa, koma ndi yaphindu. Mapale ofiira onyezimira ndi a mbale zoumbidwa ku France, ndipo popeza kaumbidwe kache kamasintha ndi mibadwo, katswiri akaona phale amadziwa zaka zache. Mapale ochindikala ndi a mitsuko ikuluikulu imene inadza ndi mafuta a azitona kuchokera ku Spain. Mafupa amanena nyama imene amadya: ng'ombe, nkhumba ndi nkhosa. Matabwa akuluakulu amanena chaka chimene mtengo unadulidwa, pakuti ku maiko ozizira mtengo umaonjeza mzere umodzi m'thunthu mwache chaka chiri chonse. Ngakhale dothi lenilenilo amatapako m'matumba kukaliyeza, napezamo njere za tirigu ndi barele ndi zotsalira za tizirombo. M'chaka cha 2024 kunamveka kuti m'dothi lotere apezamo nsikidzi. Asilikari a Kaisara nawonso amadzikanda usiku.

Zikopa ndi mitengo zimapita tsiku lomwelo ku chipinda cha akatswiri osunga zinthu. Nsapato imene yakhala m'matope zaka 1,900 ikauma mwadzidzidzi imakhwinyata ndi kusweka. Motero amaitsuka, naiviika m'mankhwala, naiumitsa pang'onopang'ono kwa masiku ambiri isanaikidwe poonetsera anthu.

Dzuwa likapendeka amaleka kukumba nthawi ikalipo. Amayeretsa ndime zonse, najambula zithunzi, nalemba makoma ndi miyala pa mapu, namaliza mapepala a tsikulo. Mitengo imene yaonekera koma sinachotsedwe amainyowetsa ndi kuifunditsa kuti isaume. Amatsuka zida, naziwerenga, nazitsekera. M'mawa mwache madzi adzakhala atadzazanso m'maenje, ndipo adzayambanso ndi kupopa.

Nyengo yozizira ikafika odzipereka aja amabwerera kwao, koma akatswiri samapuma. Amakhala miyezi yonseyo kulinganiza mapepala, mapu ndi zopezeka, ndi kulemba mabuku ofotokoza zimene anaona. Kukumba kosalemba buku kuli ngati kukolola ndi kusiya chimanga m'munda.

ZIMENE KUDEKHA KWABALA

Malembo a pa timatabwa tija ndi a Chilatini, olembedwa mothamanga, ndipo akatswiri awiri, Alan Bowman ndi David Thomas, anatha zaka zambiri akuwerenga. Imvani zina zimene anapeza.

Kathabwa kena ndi kaundula wa gulu la Tungri pa tsiku la 18 Meyi, cha m'zaka za m'ma 90. Gulu lonse linali ndi anthu 752, koma 456 anali atatumidwa kwina, ndipo mwa iwo 337 anali ku linga lina la pafupi lotchedwa Coria. Otsala pa linga anali 296. Mwa amenewa 15 anali odwala, 6 obvulala, ndi 10 odwala maso. Kathabwa kena kanena za anthu 343 amene anali pa nchito zamanja tsiku limodzi: 12 osoka nsapato, 18 omanga nyumba yosambiramo, ndi ena pa nchito zina. Apa tiona kuti msilikari wa Aroma masiku ambiri anali mmisiri ndi wamtengatenga, osati womenya nkhondo.

M'kalata ina, mkulu wa asilikari a pa akavalo dzina lache Masclus alembera bwana wache Flavius Cerialis kufunsa chochita mawa, ndipo potsiriza aonjeza kuti anyamata mowa wawathera, awatumizireko. Inanso ndi ya mai wina, Claudia Severa, yolembedwa cha m'chaka cha 100, kuitana mnzache Sulpicia Lepidina, mkazi wa Cerialis, ku phwando lokumbukira tsiku lache lobadwa pa 11 Sepitembala. Mlembi ndiye analemba kalatayo, koma mau otsazika a kumapeto maiyo analemba ndi dzanja lache, ndipo ali m'gulu la malembo akale koposa a Chilatini odziwika kuti analemba ndi munthu wamkazi.

Makalata ambiri a Cerialis anapezeka pa malo amodzi, ena opserera m'mbali. Poona phulusa ndi dothi la pamenepo, akatswiri anazindikira chimene chinachitika. Cha m'chaka cha 105 gulu la Batavi linaitanidwa kuchoka, ndipo anaunjika makalata akale pabwalo nawayatsa moto, koma motowo unazima usanawanyeketse, mwina chifukwa cha mvula. Taonani: nkhani imeneyi sinalembedwe pa kathabwa kali konse. Yadziwika chifukwa okumba analemba malo a kathabwa kali konse ndi dothi limene kanagonamo.

Pali chinthu chimodzi chodetsa nkhawa. Nyengo ikusintha kumeneko monga kuno, ndipo zilimwe zotentha zikuumitsa nthaka. Nthaka ikang'aluka mpweya umalowa, ndipo zimene zinasungika zaka 2,000 zingathe kuola m'zaka zowerengeka. Bungwe lija laika zida m'nthaka zoyeza madzi ndi mpweya, ndipo m'chaka cha 2023 linayamba kufukula linga lina la pafupi lotchedwa Magna, limene dambo lache likuuma. Kumeneko m'chaka cha 2025 anapeza nsapato zazikulu modabwitsa, ina yotalika pafupifupi mainchesi 13.

MAU KWA INU OSUNGA NTHAKA

Aroma sanafike kuno kwathu, ndipo simudzapeza ndalama ya Kaisara m'munda mwanu. Koma njira yofukulira ndi yomweyo pa dziko lonse, ndipo nthaka yathu nayonso iri ndi mboni zache. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, kumene kunali likulu la Kalonga, Dr. Yusuf Juwayeyi anafukula mwa njira yomweyi napeza mapale, mikanda yagalasi, zinthu zamkuwa, minyanga ya njobvu, ndi zidutswa za mbale zochokera ku China. Zimenezi zinatsimikiza kuti makolo athu a Chimaravi amachita malonda ofika kutali zedi. Kuno chiswe ndi kutentha sizisiya chikopa kapena thabwa, koma mapale, mikanda, mafupa, zotsalira za ng'anjo ndi makala zimakhala. Makala musawapeputse, pakuti akatswiri amatha kuwayeza ndi kudziwa zaka za moto umene unawaotcha, malinga akapezeka pa malo ache osasokonezedwa.

Kawirikawiri woyamba kuona zinthu zotere si katswiri ai, koma mlimi amene akugaula mphanje, woumba njerwa, kapena wokumba chitsime. Tsono mukakumana nazo, chitani izi:

1. Lekani kukumba pamalopo. Musazule mphika kapena chitsulo kuti muone ngati pansi pache pali chuma.

2. Zimene zatuluka kale musazitsuke, musazigawane, ndipo musazisakanize ndi zochokera pa malo ena.

3. Kwirirani pang'ono ndi dothi lomwelo, ndi kuikapo chizindikiro kuti malowo asaiwalike. Ana ndi ziweto zisapondepo.

4. Uzani mfumu ya mudzi. Mfumu idziwitse ofesi ya Bwanamkubwa wa boma lanu, kuti mau afike ku dipatimenti yoyang'anira zinthu zakale, imene Boma linakhazikitsa m'chaka cha 1967.

5. Mlendo akadza kufuna kukumba pa bwinja, m'phanga kapena pa manda akale, kapena kugula zinthu zofukulidwa, mfumu imufunse kalata ya chilolezo cha Boma. Lamulo la dziko lathu silola munthu kufukula malo otere popanda chilolezo.

Inu mafumu, simulola kuti mboni isokonezedwe mlandu usanazengedwe. Chitani chimodzimodzi ndi mabwinja a m'dziko lanu. Anthu a ku Vindolanda adziwa maina a asilikari, matenda ao, ndi tsiku la phwando la mai amene anamwalira zaka 1,900 zapitazo, chifukwa wina anadziletsa kuzula chinthu asanalembe malo ache. Mlimi amene waimitsa khasu lache napita kukauza mfumu wagwira nchito yomweyo.